Mwala wa pa Chumuni cha Wathergill

Munthu wosalakwa akagona m'chitokosi amadzuka ndi mawu ambiri. Amalumbira, amatchula mboni, amaitana ngakhale Mulungu amene sanamupempherepo chibatizidwire. Koma a Wilf Garside anadzuka, napinda bulangete la boma bwinobwino, nakhala phee manja ali pa mawondo. Zimenezi zinamuzunguza mutu Sajeni Noreen Holdsworth m'mawa wa Lachitatu lija, ndipo kunena zoona zinamusangalatsanso, chifukwa mayi ameneyu mlandu wosavuta unkamupatsa tulo.

"Madala, tiyeni tibwereze," anatero Noreen. "Dzulo kuyambira thu koloko mpaka folo munali kuti?"

"Ku Wathergill."

"Zimenezo ndikudziwa, galimoto yanu aliyense anaiona. Ndikufunsa chipinda chake."

"M'nyumba."

"Nyumba ija ili ndi zipinda khumi ndi zinayi."

"Khumi ndi zisanu, mukawerenga mosungira malasha."

"Ndiye inu munali m'chiti?"

A Garside anayang'ana nsapato zawo zopanda zingwe.

Mkuluyu anali kalipentala wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu. Zaka makumi anayi mwa zimenezo anathera pa mazenera ndi zitseko za nyumba zakale za m'chigwa chonse, ndipo eni nyumbazo ankawasiyira makiyi ngati m'bale wawo. Tsopano ku Wathergill kunasowa mwala wosema wa nsangalabwi, wochokera pakati pa chumuni cha m'chipinda chochezera cha pamwamba, ndipo panali mboni yoti inawaona akuutulutsa. Insipekitala anali atanena kale kuti ikakwana faifi koloko madzulo mkuluyo atsegulidwe mlandu. Noreen ankadziwa tanthauzo lake. Ngakhale khoti litadzawamasula, palibe nyumba yakale imene ingadzawapatsenso kiyi, ndipo munthu ngati ameneyu ukamulanda makiyi wamulanda zonse.

"Mukakhala chete chonchi mudzimanga nokha," anatero.

"Mwana wanga, pita ukagwire ntchito yako," anayankha a Garside. "Ukakafika, usakoke chitseko chakumaso mwamphamvu. Chimafuna kuchinyamula pang'ono."

*

Pa chipata cha Wathergill munthu salowa mothamanga. Zipilala ziwiri zamiyala anazimanga poyeza ngolo ya akavalo, ndipo poti nyumbayo ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi boma, palibe angazisunthe ngakhale kutalika kwa chala. Noreen anasiya galimoto kunja n'kulowa wapansi.

Dzulo lake iye anali kukhoti, kotero nyumbayo ankaiona koyamba ndi maso a ntchito. Njerwa zofiira, chitseko pakati penipeni, mazenera awiri uku awiri uku, asanu pamwamba. Wamalonda a ubweya wa nkhosa amene anaimanga m'chaka cha 1786 anali ngati anzake onse a nthawi ya Mfumu George, ankadana ndi chinthu chopanda chinzake.

Mboni ija inamuchingamira pa kapinga, kapu ya khofi ili m'manja. Anali Crispin Illingworth, mwana wa mchimwene wawo wa eni nyumba, bambo wa zaka makumi anayi wovala jekete lodula, amene anabwera kuchokera ku London Loweruka kudzazonda azakhali ake.

"Asajeni, mwachita bwino kubwera. Zandipweteka mtima, simungamvetse. Wilf ndamudziwa ndili kamwana."

Noreen anamva momwe anawatchulira madala aja ngati mnzake wa mpira. "Ndionetseni pomwe munaima."

Anazungulira kumbali ya kum'mawa. Kumeneko khoma linali ndi mazenera atatu pamwamba, ndipo pansi pake pa miyala pankaonekabe matayala a galimoto ya a Garside.

"Ndinali apa ndendende, ndikulankhula pa foni. M'nyumbamu foni sigwira, makoma ake ndi ochindikala ngati a ndende. Cha m'ma hafu pasiti firii ndangokweza maso, ndikuona zenera likukankhidwa m'mwamba. Wilf anasuzumira, kenako anayamba kutsitsa chinthu chokulunga pa chingwe, pang'onopang'ono, mpaka pa galimoto yake."

"Zenera liti?"

"Lapakatilo, lili ndi katani yotsika thekalo. Enawo mukuona nokha, ndi otseka ndi matabwa mkati."

"Simunakuwe?"

"Ndikuwirenji? Ndinkayesa ndi zida zake. Ndinazindikira pamene azakhali anakwera m'mwamba n'kupeza dzenje pa chumuni."

"Nanga poti m'galimoto mwawo tapeza matabwa ndi utuchi wokha?"

Crispin anakweza mapewa. "Anthu oterewa sasowa mnzawo woimika galimoto pamsewu. Koma ndikuuzeni, asajeni, vuto lenileni si Wilf. Azakhali akalamba. Nyumba iyi sangaithenso. Ndakhala ndikuwauza kuti kuli malo abwino osungirako okalamba, ofunda, opanda masitepe. Mwina tsopano amva."

Ananena izi ndi nkhope yachisoni, koma khofi wake anamaliza yense.

*

Chitseko chakumaso chinafunadi kuchinyamula pang'ono. Mkati, Noreen anatsala pang'ono kuponda munthu amene anagwada pansi ndi kamera. Anali a Lumb, a ku ofesi ya khonsolo yoyang'anira nyumba zakale, kamunthu kakafupi ka dazi komwe mawu ake ankatuluka ngati madzi a pampopi wophulika.

"Inu ndi apolisi? Zikomo, zikomo. Mukudziwa chimene chatayika? Simukudziwa. Mtsikana akumeta nkhosa, wosemedwa pa mwala woyera wotalika ngati mkono wangawu, ubweya uliwonse ukuoneka pawokha. Mwini nyumba anachita kuitanitsa mmisiri kuti aliyense wobwera kudzaotha moto adziwe komwe chuma chinachokera. Wina m'dziko muno mulibe. Ndipo wakubayo wachita kuuzula ndi chitsulo chophwanyira mabokosi, ngati akukumba mbatata."

"Kalipentala angazule choncho?"

"A Garside? Aja amapepesa thabwa asanalicheke. Koma ine sindine wapolisi. Ine ndimangodziwa lamulo langa. Nyumba iyi ili m'gulu lapamwamba la nyumba zotetezedwa. Msomali umodzi wokha pa khoma popanda chilolezo, ndi mlandu wa kukhoti, kwa mwini nyumba ndi kwa wokhomayo."

Kukhitchini kunalira supuni yogwa pansi.

Eni nyumba, Mayi Enid Illingworth, anakhala pafupi ndi chitofu, ndodo ili pambali. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi, sanakwatiwepo, ndipo anabadwira m'chipinda cha pamwamba pa khitchini yomweyo. Noreen anawatolera supuni ija.

"Amayi, dzulo masana munali kuti?"

"Ndinagona."

"Kuyambira thu mpaka folo?"

"Pa msinkhu wanga tulo sitipangana nato."

"A Garside munawaitanira ntchito yanji?"

"Nyumba yakale siisowa chokonza."

"Mukukhulupirira kuti aba ndi iwo?"

Mayiwo anaweramitsa nkhope. "Crispin akuti anaona," anatero, mawu ali pansi.

Noreen ankayang'ana pansi iyenso, koma pa chifukwa china. Pa silipasi za gogoyo panali utuchi, woyera, wa dzulodzulo. Utuchi womwewo unayalana pansi pa kachitseko kakang'ono pakona ya khitchini. Munthu wogona masana onse utuchi amautenga kuti?

"Chitseko icho chimapita kuti?"

"Masitepe a antchito. Sitigwiritsa ntchito. Kiyi inatayika kalekale."

Dzanja lawo linapita pakhosi, pomwe kachingwe kankalowa m'malaya, kenako linabwerera msangamsanga. M'nyumba imeneyi anthu awiri ankabisa chinthu chimodzi, ndipo chinthucho sichinkaoneka ngati mwala. Wotchi ya pakhoma inali itadutsa wani koloko.

*

Noreen anakwera masitepe akuluakulu a kumaso awiriawiri, a Lumb akuwefuka pambuyo. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Mwala wolemera choncho ukatsitsidwa pa chingwe, chingwecho chimadya penti pa thabwa la zenera, ndipo anyamata ake a kupolisi dzulo anajambula dzenje lokha osaganiza zimenezo.

Chipinda chochezera chinali chachitali, denga lake lili ndi maluwa a pulasitala. Pa khoma la kum'mawa panali chumuni choyera chokhala ndi bala lakuda pakati. Noreen anapita pa zenera la kumanzere kwa chumunicho, natsegula matabwa ake. Fumbi lokhalokha. Anapita pa la kumanja. Kangaude anali atamangapo nyumba yake osasokonezedwa.

Anabwerera pakati pa chipinda kuti apite pa lachitatu, n'kuima.

Limodzi. Awiri.

Anatsika masitepe mothamanga, natuluka, nazungulira nyumba mpaka pa kapinga paja. Limodzi, awiri, atatu. Lapakati lili pompo, magalasi ake akunyezimira, katani yotsika theka. Anakweranso, mpweya ukumuthera, chisoti chili m'manja.

"A Lumb, zenera lapakati lili kuti?"

"Lapakati liti?"

"Kunja alipo atatu."

"Oho, limenelo. Ndi labodza." A Lumb ananena ngati akunena kuti kunja kukugwa mvula. "Anthu amakonda kunena kuti akale ankamanga otere pothawa msonkho wa mazenera, koma kuno ayi. Chumuni chimadutsa pamenepo. Womanga nyumba sakanalola khoma likhale ndi mazenera awiri ndi chigamba pakati, anzake akanamuseka. Ndiye anaika felemu ndi magalasi enieni, kumbuyo kwake njerwa zopaka penti wakuda. Katani ija ndi yojambula. A Garside anaipentanso zaka zitatu zapitazo ali pa makwerero, chilolezo ndinasaina ndine. Bwanji kodi?"

"Linayamba latsegukapo?"

"Chimangireni nyumbayi? Mukalitsegula mupeza mwaye."

Noreen anaseka. Anayesa kudzigwira poti anali pa ntchito, koma chimwemwe chinamukwera mpaka m'makutu. Anyamata ake analemba umboni ali pa chipata, a Lumb sanaumve, a Garside sanauzidwe kuti ndi zenera liti. Aliyense anali ndi chidutswa chake, ndipo panalibe amene anawerenga mazenera mbali zonse ziwiri za khoma.

Anasuzumira pa masitepe. "A Illingworth, tabwerani kuno pang'ono. Mundithandize kanthu kakang'ono."

*

Crispin analowa akumwetulira, manja ali m'thumba.

"Ndikufuna ndione momwe munthu angatsitsire katundu," anatero Noreen. "Tanditsegulirani zenera lija munaona."

"Palibe vuto."

Anayenda molunjika khoma la kum'mawa. Mapazi ake anayamba kuchedwa. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kuima maso ndi maso ndi dzenje la pa chumuni. Khosi lake linafiira kuyambira pa kolala kukwera m'mwamba.

"Mwina linali ili," anatero, akuloza la kumanzere.

"Munati lapakati, la katani. Munati enawa ndi otseka ndi matabwa, ndipo munanena zoona. Kangaude akuvomereza."

"Dzuwa linali m'maso."

"Hafu pasiti firii, mutayang'ana khoma la kum'mawa dzuwa lili kuseri kwa nyumba? Tsegulani, bambo. Ngati munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri anakwanitsa, inu simungalephere."

A Lumb, amene tsopano anali atamvetsa, anatulutsa kamawu ngati ka mwana wa mphaka.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Crispin anali atalowamo m'chipinda chimenechi ndi chitsulo chake, maso ali pa mwala, osaona khoma. Pofuna bodza lokoma anaima panja, nasankha zenera lomwe linali pamwamba pa galimoto ya kalipentala, lomwe linkaoneka kuti muli moyo. Luso la munthu yemwe ankamunamizirayo ndi lomwe linamupusitsa.

"Foni yanga ili m'galimoto," anatero. "Ndiimbire loya wanga."

"Foni yanu ili m'thumba la jekete, ndikuiona."

Sanadikire. Anamukankha Noreen ndi phewa, natsika masitepe ngati thumba logubuduzika. Pamene Noreen ankafika pakhomo, chigalimoto chake chakuda, chachikulu ngati cha maliro, chinali chitalira kale, miyala ikuthethekera kumbuyo.

"Imani!" anakuwa Noreen akuthamanga. A Lumb nawo ankathamanga, koma iwo ankakuwira zipilala.

Tsiku lomwe anabwera, Crispin analowa pa chipata chija atapinda magalasi a m'mbali, akuyenda ngati nkhono. Lero analibe nthawi imeneyo. Panamveka kukhuluzika kwa chitsulo pa mwala, kotalika, kopweteka mano, ndipo galimoto inaima nji pakati pa zipilala ziwiri. Mpira wamwala wa pamwamba pa chipilala cha kumanja unagwedezeka, unaganiza pang'ono, n'kugwera pa boneti.

Zitseko zonse zinapanikizika. Munthu uja anakankha uku, anakankha uku, kenako anangogwira chiwongolero n'kuweramitsa mutu. Noreen anafika akupuma mwa befu, nagogoda pa galasi lakumbuyo.

"Tsegulani buti."

Pansi pa kapeti, pamalo a tayala lapadera, panali bulangete la galu. Noreen analifunyulula. Mtsikana uja anali momwemo ndi nkhosa yake, woyera, wosasweka ngakhale khutu. A Lumb anagwada pa miyala, osadziwa kuti alire chipilala kapena aseke mwala.

*

Mayi Illingworth anafika pa chipata mochedwa, akutsimphina ndi ndodo. Anayang'ana mwana wa mchimwene wawo kudzera pa galasi. Iye ndiye anali m'bale yekhayo amene anawatsalira pa dziko lapansi. Kenako anatembenukira kwa Noreen.

"Ndinadziwa dzulo lomwe," anauza Noreen. "Atangoti waona Wilf, ndinadziwa kuti akunama. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwana wanga. Koma si chokhacho chinanditseka pakamwa. A Lumb, tengani kamera yanu munditsate."

Kukhitchini anavula kachingwe ka pakhosi kokhala ndi kiyi ija, natsegula kachitseko kaja. Masitepe a antchito anali opapatiza, okhota, amdima. M'mbali mwa khoma, kuyambira pansi mpaka pamwamba, munali mtengo wogwirira watsopano, wosalala, ukununkhabe utuchi.

"Misomali makumi awiri ndi iwiri, m'khoma la 1786, popanda chilolezo," anatero mayiwo. "Werengani. Ndinagwa apa mu Januwale, ndinagona pansi mpaka wa mkaka atabwera. Kuchipinda kwanga njira yaifupi ndi ino, masitepe a kumaso aja mwendo wanga suwathanso. Ndikanalemba kalata yopempha, Crispin akanamva kuti ndinagwa, ndipo bwenzi pano ndili kosungira okalamba ndikuonera wailesi yakanema ndi anthu osawadziwa. Wilf anati akhoma mwakachetechete. Dzulo kuyambira thu mpaka folo anali pano, ine nditakhala pa sitepe iyi ndikumugwirira misomali m'sosala."

A Lumb anayendetsa dzanja pa mtengowo, kukwera ndi kutsika. Kamera inali lende pakhosi.

"Mulandira kalata, amayi, sindingachitire mwina," anatero. "Koma mukanandifunsa. Chogwirira chotere timaloleza. Fomu yake ndi ya masamba awiri."

Mayiwo anatseka maso. Noreen anawamvera chisoni, komanso anawakwiyira, zonse pakamodzi. Chifukwa cha mantha a masamba awiri, munthu anagona pa simenti.

"Nthawi ili bwanji?" anafunsa gogoyo.

"Kota pasiti firii."

"Nditengeni. Ndikanene ndekha."

*

Itangodutsa folo koloko a Garside anatuluka m'chitokosi, nakhala pa benchi ya polandirira alendo akulowetsa zingwe m'nsapato. Ankachita mosafulumira, bowo lililonse pa nthawi yake. Atakweza mutu anaona Mayi Illingworth ataima patsogolo pawo, manja onse awiri ali pa ndodo.

"Wilf," anatero mayiwo. "Ndinali ndi mawu oti ndikutulutse dzulo lomwe, koma ndinakhala chete. Ndinaopa khonsolo, ndinaopa kuchotsedwa m'nyumba mwanga, ndinamvera chisoni mwana wa achimwene. Iwe sindinakuwerengere. Zaka makumi anayi, ndipo ndinakusiya ugone muno."

Apolisi a pa kauntala anasiya kulemba. Noreen anayembekeza kuti madala aja anena mawu owawa, ndipo mumtima mwake ankati akanena sadzawaletsa.

A Garside anamanga chingwe chomaliza, naimirira.

"Mwatsikira masitepe ati m'mawa uno, amayi?"

"Akumbuyo."

"Munagwira chija?"

"Ndinagwira."

"Mpaka pansi?"

"Mpaka pansi."

Mkuluyo anapuma mpweya wautali, nagwira khoma.

"Misomali iwiri ya pansi sindinaikhwimitse," anatero. "Apolisi ananditenga ndisanamalize, ndipo sindikanatha kuuza munthu. Usiku wonse sindinagone, ndimangomva inu mukugwa."

Mayi Illingworth anakhala pansi pa benchi paja, nabisa nkhope m'chipewa chawo, n'kulira ngati mwana. A Garside anaima pambali pawo mwamanyazi, osadziwa poika manja, kenako anatembenukira kwa Noreen n'kumufunsa ngati angawabwezere bokosi lawo la zida lero lomwe.